Nyumba zatsopano za lendi ku Luwinga: denga likadontha, akonze ndani?

Aliyense woyenda mu msewu wa M1 kuchokera m'tauni kulowera ku Ekwendeni waona mmene Luwinga yasinthira. Pamalo pamene kale padali minda ya chimanga lero pali midadada ya zipinda, mahositelo ndi maflati ozingidwa ndi mipanda ya njerwa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu University, imene idatsegulidwa mu 1999, ili kuno, ndipo malo ogona a pasukulupo sakwanira ophunzira onse. Chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chilinso kuno, pamodzi ndi makampani angapo. Kalembera wa 2008 adapeza anthu 133,968 mumzinda wa Mzuzu, ndipo wa 2018 adapeza 221,272. Anthu onsewa akufuna pogona, ndiye amene ali ndi puloti akumanga mothamanga.

Wolowa m'nyumba yatsopano amakhala ndi chiyembekezo chachikulu. Penti ikununkhirabe, matailosi akuwala, ndipo lendi ndi yokwererapo poyerekeza ndi nyumba zakale. Koma nyumba imayesedwa ndi mvula yoyamba, ndipo mvula ya ku Mzuzu siichita nthabwala. Imagwa mpaka mu Epulo, nthawi zina kupitirira, kenaka pamabwera mawawa ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi, pamene zovala zimatha masiku awiri pachingwe osauma. M'nyengo imeneyi ndi mmene ochita lendi amayamba kuona banga lofiirira pasiling'i, chuku kuseri kwa wadiropu, chitseko chotupa chimene chikukana kutsekeka, ndi madzi a kubafa ya pamwamba akutsikira m'khichini ya apansi.

Zambiri mwa izi zimachokera pa kamangidwe. Khoma latsopano limasunga madzi ambiri a m'matope ndi m'pulasitala, ndipo limafuna nthawi kuti liume. Mwininyumba akafulumira kupaka penti kuti alowetse anthu sukulu ikamatsegulidwa, chinyezi chija chimatsekeredwa m'kati ndipo penti imayamba kusupuka. Ngati amisiri sadayale pepala lotchinga chinyezi pamwamba pa maziko, madzi a m'nthaka amakwera m'njerwa monga mmene parafini amakwerera m'chingwe cha nyali. Chizindikiro chake ndi mzere wonyowa m'munsi mwa khoma, ndipo kupakanso penti sikuuchotsa. Ming'alu ing'onoing'ono ya mu pulasitala isakudetseni nkhawa kwambiri. Woopsa ndi mng'alu woyenda mopingasa kuchokera pakona ya windo kapena chitseko, umene ukukula mwezi ndi mwezi, chifukwa umasonyeza kuti maziko akutitimira. Amene adaona nyumba zikugwa m'madera ena a mzinda uno pa mvula ya mu Epulo 2016 safuna kuuzidwa kawiri.

Funso limene limayambitsa mikangano ndi lakuti akonze ndani. Choyamba kuyang'ana ndi pangano limene mudasainirana. Pamene panganolo silinena kanthu, lamulo la malo olembetsedwa la 1967, lotchedwa Registered Land Act, limapereka chitsogozo pa nyumba zomangidwa pamalo olembetsedwa pansi pake. Ngati munthu akuchita lendi gawo chabe la nyumba, monga flati imodzi mwa zisanu ndi zitatu, udindo wokonza denga, makoma akuluakulu, mapaipi akuluakulu otulutsa madzi oipa, makonde ndi zipangizo zogwiritsa ntchito anthu onse ndi wa mwininyumba. Wochita lendi ayenera kusamala m'kati mwa gawo lakelo, kulipira pa nthawi yake, ndi kulola mwininyumba kulowa kudzaona mmene nyumba ilili atadziwitsidwiratu. Choncho galasi limene mwana wanu waswa ndi lanu, ndipo sinki imene yatsekeka ndi zotsalira za nsima ndi yanunso. Malata okhomedwa molakwika si anu.

Koma onetsetsani: pangano lolembedwa likhoza kusintha dongosolo limeneli. Pali eni nyumba ena amene amalemba kuti chilichonse chowonongeka akonze wokhalamo. Ambiri amasaina osawerenga chifukwa choopa kuti wina awalanda chipindacho. Ena salemberana n'komwe, amangogwirana chanza. Tsiku la mkangano aliyense amakumbukira zake.

Pali mfundo ina yokhudza nyumba zatsopano imene ochita lendi ambiri saidziwa. Nyumba ikamangidwa ndi kontirakitala pa pangano lolongosoka, pamakhala nyengo, kawirikawiri ya miyezi 6 kapena 12 chimalizireni ntchito, imene kontirakitalayo amayenera kubwerera kudzakonza zolakwika za kamangidwe popanda malipiro ena. Mwininyumba amasungako kagawo ka ndalama zake kufikira nyengoyo itatha. Izi zikutanthauza kuti wochita lendi amene wanena msanga za kudontha wathandiza mwininyumba, chifukwa wokonza ndi wolipira amakhala kontirakitala. Wokhala chete chaka chonse poopa kuoneka wovuta wapulumutsa kontirakitala, ndipo mtolo wautula pa iye mwini ndi pa mwininyumba. Tivomereze kuti nyumba zambiri za kuno zimamangidwa ndi amisiri aganyu, pang'onopang'ono malinga ndi mmene ndalama zapezekera, ndipo potero palibe womuitana. Ngakhale zili choncho, lata limodzi lokonzedwa mu Disembala n'lotchipa kuposa siling'i yonse yogwa mu Malichi.

Kanenedwe kake n'kofunikanso. Kuuza mlonda kapena kulonjerana ndi mwininyumba pamsewu n'kutchulako pang'ono sikusiya umboni. Lembani kalata kapena uthenga wa pafoni wokhala ndi tsiku, jambulani chithunzi, ndipo sungani zonse. Ngati vuto likukhudza mdadada wonse, lemberani limodzi. Kalata ya mabanja asanu ndi limodzi siinyalanyazidwa ngati ya munthu mmodzi. Mukagwirizana kuti mukonze nokha n'kuchotsera pa lendi, mgwirizanowo ulembedwe ntchito isanayambe, ndipo malisiti asungidwe. Kungoleka kulipira lendi pofuna kukhaulitsa mwininyumba n'kudzitchera msampha, pakuti wophwanya pangano amasanduka inuyo.

Madzi ndi magetsi ali ndi mikangano yawoyawo. Pamene mabanja angapo akudalira mita imodzi ya ESCOM kapena ya Northern Region Water Board, mayunitsi akatha usiku onse amalozerana zala: uyu ali ndi hotipuleti, uyo amasita tsiku ndi tsiku. Funsani musanalowe ngati khomo lililonse lili ndi mita yake. Ngati soketi ikutentha kapena magetsi akuzima mukayatsa ketulo ndi ayironi pamodzi, musalumikize mawaya nokha. Nenani, pabwere wodziwa ntchito ya magetsi.

Nkhani yaikulu kwa wodi yonse ndi ya zimbudzi. Mzinda wa Mzuzu umadalira kwambiri masepitiki tanki ndi zimbudzi zokumba. Tanki yokumbidwira banja la anthu 6 siingapirire anthu 30, komabe izi n'zimene zimachitika mwininyumba akawonjezera zipinda kuseri kwa puloti osakulitsa dzenje. Nthawi ya dzinja nthaka imakhuta madzi, zonyansa zimasefukira pabwalo n'kutsetserekera kwa oyandikana nawo ndi m'madambo mmene ena amatunga madzi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira zake zidali ngati zimenezi. Apa nkhani siikhalanso ya anthu awiri. Lamulo la zaumoyo, la Public Health Act, limapatsa khonsolo mphamvu zolamula kuti chilichonse choika moyo wa anthu pachiswe pamalo okhala chichotsedwe, ndipo vuto likakhala la kamangidwe, chidziwitso chimapita kwa mwininyumba. Wokhala pafupi ndi tanki yosefukira akhoza kukanena ku nthambi ya zaumoyo ya khonsolo ngakhale nyumbayo si yake.

Mwininyumba akapanda kuyankha, yambirani pafupi: kwa mabuloko lida, ku komiti ya chitukuko ya m'wodi, kapena kwa khansala. Milandu yambiri imathera pamenepo, chifukwa mbali zonse zimafunana. Zikakanika, pali bwalo la majisitireti, ndipo osowa ndalama yolipira loya akhoza kupita ku ofesi ya Legal Aid Bureau mumzinda muno. Eni nyumba nawo adziwe kuti kuchotsa chitseko, kusasula malata kapena kutulutsa katundu wa munthu panja chifukwa wadandaula si njira ya lamulo. Wochita lendi amapatsidwa chidziwitso, ndipo akakana kutuluka nkhani imapita kubwalo. Amene akukonzekera kumanga akumbukire kuti mapulani amayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo asanakumbe maziko, ndipo kuwonjezera zipinda n'kumanganso.

Kwa amene mukusaka nyumba tsopano, pitani kukaiona masana, makamaka tsiku lotsatira mvula. Tsegulani mpopi uliwonse, gujumulani chimbudzi, gwirani khoma m'munsi ndi dzanja, yang'anani m'makona a siling'i, ndipo funsani pamene pali sepitiki tanki ndi amene amalipira ikadzadza. Zimene mwapeza zilembedwe papepala limodzi, nonse awiri musainepo, musanapereke dipoziti.