Nkhokwe ya Lendi: Kusankha Chipinda Chosungiramo Katundu

Kumudzi, munthu akatsala pang'ono kukolola amayamba waluka nkhokwe. Amaiimika pamwamba pa mphanda kuti chinyezi ndi chiswe zisafike ku chimanga, amaifolera ndi udzu, kenaka n'kututiramo zokolola zake. Nkhokwe yotere ndi yake ndithu, ndipo mwezi ukatha palibe amene amadza pakhomo kudzaitanitsa ndalama. Koma m'mizinda ikuluikulu ya ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa muli nkhokwe za mtundu wina. Zimenezi ndi mizere ya zipinda za zitseko zachitsulo, momwe munthu amachita lendi chipinda chimodzi, naikamo katundu wake, natseka ndi loko wake, nasunga yekha kiyi. Eni malondawo amazitcha self-storage.

Malonda amenewa adayamba kukula ku America m'zaka za m'ma 1960, makamaka ku Texas. Mu 1972 B. Wayne Hughes ndi Kenneth Volk adayambitsa kampani ya Public Storage ku California, imene idakula n'kukhala imodzi mwa makampani aakulu kwambiri a ntchitoyi padziko lonse. Ku Britain kampani ya Big Yellow idayamba mu 1998, pamene ku South Africa kampani ya Stor-Age idalowa pamsika wa masheya wa ku Johannesburg mu 2015. Chidakulitsa malondawa ndi kuchepa kwa malo m'nyumba za m'tauni ndiponso kusamukasamuka kwa anthu pofuna ntchito ndi maphunziro.

M'masiku a Wenela, mwamuna wochokera ku migodi ya ku Joni ankabwera ndi chuma chake chonse m'bokosi limodzi. Mmalawi wogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Cape Town lero amakhala ndi bedi, firiji, wailesi yakanema, mwinanso makina osokera, zonsezo m'kachipinda kamodzi ka lendi. Akafuna kukaona abale kumudzi, kapena akamasonkhanitsa katundu podikira lole yopita kwawo, amasowa pomuika. Chimodzimodzinso mnyamata kapena mtsikana wophunzira ku Britain: chaka cha sukulu chikatha cha mu Juni, malo ambiri ogona ophunzira amafuna kuti atulukemo ndi zake zonse kufikira sukulu itatsegulidwa cha mu Seputembala. Ambiri amasungitsa katundu kwa anzawo, ndipo maubwenzi ena adathera pomwepo, mnzakeyo atasamuka kapena firiji itawonongeka. N'chifukwa chake ena amaona kuti n'kwabwino kulipira chipinda.

Funso loyamba limene munthu wotere ayenera kudzifunsa ndi la masamu. Mongoyerekeza, ngati chipinda chili R1,000 pamwezi, ndipo katundu yense atamugulitsa angapeze R8,000, ndiye kuti pakatha miyezi 8 lendi yadya mtengo wonse wa katunduyo. Akakhalitsa chaka chathunthu walipira R12,000 posunga zinthu za R8,000. Motero chipinda chimapindulitsa ngati nthawi yake ndi yochepa ndi yodziwika, kapena ngati katunduyo ndi wa mtengo wapatali, monga zipangizo za ntchito imene munthu amadyera. Mipando yothyoka ndi zovala zimene mwini wake adasiya kuvala n'kwabwino kuzigulitsa kapena kuzipatsa ena.

Masamu akavomera, chotsatira ndi kukula kwa chipinda. Mtengo umawerengedwa potsata kukula kwa pansi, choncho wotenga chachikulu mopitirira amalipirira mphepo. Njira yosavuta ndiyo kuunjika katundu yense pangodya imodzi ya nyumba ndi kuyeza muluwo m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wake. Kachipinda ka mita imodzi ndi theka mbali zonse kamakwana makatoni ndi masutikesi a wophunzira. Chipinda cha mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi chimalandira katundu wa nyumba yaing'ono. Malo ena amabwereketsa makontena achitsulo, ndipo wamba amakhala wa mamita 6 m'litali ndi pafupifupi mamita 2 ndi theka m'lifupi. N'kofunikanso kufunsa kutalika kwa denga, pakuti denga lalitali limalola kusanjikiza makatoni, ndi kuyeza khomo, poopa kuti kabati ingakanike kulowa galimoto yonyamula italipidwa kale. Zipinda zam'mwamba kawirikawiri zimatsikirako mtengo, koma zimafuna chikepe kapena mphamvu zokwera nazo makwerero.

Mdani wamkulu wa katundu wosungidwa ndi chinyezi, monga momwe zilili ndi nkhokwe ya kumudzi. Zithunzi za pa intaneti zimaonetsa zitseko zopakidwa utoto wowala, koma akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu apite yekha, atsegulitse chipinda chenichenicho chimene adzapatsidwe, anunkhize, ayang'ane ngati pansi kapena m'makoma muli zizindikiro za madzi, ngati m'ngodya muli zitosi za makoswe, ndiponso ngati pansi pa chitseko pali mpata. Adziwenso nyengo ya mzinda umene ali. Ku Johannesburg mvula imagwa kuyambira cha mu Okotobala mpaka Malichi, nthawi zina ndi matalala; ku Cape Town imagwa nthawi yozizira, cha mu Juni ndi Julayi; ku Durban mpweya umakhala wachinyontho miyezi yambiri. Kontena ali ndi vuto lakelake: masana chitsulo chimatentha, usiku chimazizira, ndipo kudenga kumachita madontho amene amagwera pa katundu. Zotsatira zake ndi chuku pa matiresi ndi zovala, dzimbiri pa makina, ndi mabuku omatana masamba. Choncho pansi payalidwe matabwa, makatoni asagunde khoma, zovala zilowe zitauma bwino, ndipo firiji ipukutidwe ndi kusiyidwa yotsegula pang'ono.

Pa za chitetezo, wofuna chipinda aone ngati pali mpanda wolimba, magetsi ounikira usiku, alonda ndi makamera, ndiponso ngati pachipata amalemba aliyense wolowa. Afunse maola amene amaloledwa kufika pa katundu wake, pakuti wogwira ntchito mpaka madzulo sangapindule ndi malo otseka dzuwa lisanalowe. Loko wabwino ndi wozungulira uja, amene chitsulo chake chokolera chimaonekera pang'ono, moti chodulira sichipeza pogwira. Komabe mpanda ndi makamera sizitanthauza kuti kampani idzabweza chilichonse. Mapangano ambiri amanena poyera kuti katundu ali m'manja mwa mwini wake, ndipo moto, madzi kapena akuba zikamugwera, imalipira ndi inshulansi yokha. Motero munthu alembe mndandanda wa zonse zimene waikamo, azijambule, ndi kusunga malisiti ake.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi pa pangano, chifukwa amasaina osawerenga. Safunsa adadya phula. Mtengo wolembedwa pachikwangwani nthawi zambiri umakhala wokopera, wa mwezi woyamba kapena iwiri, ndipo pambuyo pake umakwera. Munthu afunse kuti lendi imakwera liti, chikole ndi ndalama zingati, chidzabwezedwa motani, wofuna kutuluka anene kudakali masiku angati, ndipo wochedwa kulipira amalipitsidwa chindapusa chotani. Koposa zonse awerenge ndime yonena za ngongole. Mapangano ochuluka amapatsa kampani mphamvu yoika loko wake pachitseko cha amene sadalipire, ndipo ikamuchenjeza koma iye osayankha, imatha kugulitsa katundu wake pa okushoni. Ku California lamulo la mu 1981 limalola kampani kuyamba ndondomeko imeneyi lendi ikachedwa ndi masiku 14. Pulogalamu ya pa wailesi yakanema yotchedwa Storage Wars, imene idayamba ku America mu 2010, imaonetsa anthu akupikisana mitengo pogula zipinda zotere. Oonera amasangalala, koma m'chipinda chilichonse mumakhala thukuta la munthu amene adalephera kulipira.

Ngozi imeneyi imakula kwa mlendo. Wopita kumudzi kwa mwezi umodzi angathe kukhalitsa miyezi inayi chifukwa cha matenda, maliro kapena mapepala a ulendo. Nambala yake ya foni ya kunja imakhala itazima, makalata ochenjeza amapita ku nyumba imene adasamukamo, ndipo pobwera amapeza chipinda chili ndi mwini wina. Wanzeru amalipiriratu miyezi yoposa imene akuganiza kuti adzachoka, amasiya nambala ya munthu wina wokhulupirika, ndipo amaonetsetsa kuti pangano lalembedwa m'dzina lake. Makampani amafuna chiphaso kapena pasipoti, ndipo ena posowa mapepala amalembetsa m'dzina la mnzawo. Aiwala kuti kampani imadziwa yekhayo amene adasaina, moti mnzakeyo akasintha mtima, kutsimikiza kuti katunduyo ndi wa wina kumavuta kwambiri.

Pali zinthu zimene siziloledwa m'zipinda zimenezi: petulo, palafini, mabotolo a gasi, ziweto ndi zakudya. Thumba la ufa kapena la usipa limaitana makoswe ndi anankafumbwe, amene sadziwa malire a chipinda cha uyu ndi cha uyo. Kugonamo nakonso n'koletsedwa. Palinso zina zimene kampani siiletsa koma nzeru imakana: pasipoti, satifiketi ya MSCE, mapepala a uphunzitsi, makalata a malo ndi ndalama. Zimenezi ziziyenda ndi mwini wake, pakuti tsiku limene adzazifune mwina n'lomwelo limene chitseko chidzakhale chotsekedwa chifukwa cha ngongole.

Mlimi sasiya chimanga m'nkhokwe zaka ndi zaka. Amadziwa mwezi umene adzayambe kutapamo ndi mwezi umene chidzathe. Wochita lendi chipinda achitenso chimodzimodzi. Tsiku limene akuika loko pachitseko alembe m'kabuku kake tsiku lodzatulutsa katunduyo, ndi ndalama zonse zimene adzakhale atalipira pofika tsikulo. Ngati sangathe kulemba ziwiri zimenezi, ayambe waganizanso asanasaine.