Mbiri ya Johnson ndi Ndakatulo za Chilatini

Mwa mabuku onse olongosola moyo wa mlembi, ambiri amatama lija James Boswell analemba za Samuel Johnson, limene linatuluka ku London m'chaka cha 1791. Ubwino wake suli m'kutamanda ayi, pakuti Boswell sanabise ukali wa bwenzi lakelo kapena liuma lake. Analemba zimene anamva ndi makutu ake, tsiku ndi tsiku, kotero kuti wowerenga amakhala ngati ali nawo pa bwalo.

Tsono m'bukumo muli chinthu chimene ife aphunzitsi a zinenero za kwathu tiyenera kuchiyang'anitsitsa. Johnson ndiye anasonkhanitsa mawu a Chingerezi m'buku lalikulu lotanthauzira mawu la 1755, komabe zakumtima kwake ankakonda kuzilemba m'ndakatulo za Chilatini, chinenero chimene panalibenso mwana wochiyamwa kwa amake. Ali pa chilumba cha Skye mu 1773 analembera Mayi Thrale ndakatulo yotere. Ndipo atakalamba, tulo titamuthawa chifukwa cha matenda, ankapirikitsa usiku potembenuza tindakatulo ta Chigiriki kuti tikhale ta Chilatini. Anthu ophunzira ankatumizirana mizere yotereyi monga mphatso. Ntchito yake njosautsa, popeza ndakatulo ya Chilatini imayenda ndi maphatikizo aatali ndi aafupi, ndipo wolakwitsa limodzi lokha anzake amamgwira msanga. Kukoma kwake kunali pomwepo: wolandira ankadziwa thukuta la wotumiza.

Koma mphatso yotere ili ndi mpanda. Oliver Goldsmith atamwalira mu 1774, Johnson analemba m'Chilatini mawu a pa mwala wa chikumbutso chake ku Westminster Abbey. Anzake, mwa iwo Edmund Burke ndi Joshua Reynolds, anampempha mu 1776 kuti alembe m'Chingerezi, chinenero chimene malemuyo anachikometsa. Pomuopa, anasaina maina awo mozungulira pepala kuti asadziwike woyamba. Johnson anakana, ndipo mwalawo uli m'Chilatini kufikira lero.

Mpanda umenewu si wachilendo kwa anthu a kwa Nazombe. Akatolika achikulire a ku Phalombe akumbukira Misa ya Chilatini, imene anthu ankayankha osamva mawu ake, kufikira Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican (1962-1965) unatsegula khomo la zinenero za anthu. Ofuna unsembe ankachiphunzira ku seminale, monga ya Kachebere, ndipo sukulu ya Kamuzu Academy, yotsegulidwa mu 1981, inachiika pakati pa maphunzo ake oyamba. Ochidziwa bwino akhala owerengeka nthawi zonse.

Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anatsata njira imene anzake a Johnson ankapempha. Mbiri ya mfumu Msyamboza anailemba m'Chinyanja, kuti adzukulu a mfumuyo adziwerengere okha, T. Cullen Young ndiye anaitembenuzira m'Chingerezi mu 1949. M'kuona kwanga Ntara ndiye anasankha bwino, ngakhale sindinyoza luso la Johnson.

Kwa Nazombe funsoli likulirapo. Makolo ambiri a kumeneko anachokera ku Mozambique akulankhula Chilomwe, ana awo aphunzira m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo nkhalamba zodziwa nyimbo ndi mbiri za ulendowo m'chinenero chake zili kutha. Mphunzitsi wofuna kulemba moyo wa mmodzi wa iwo adzayamba wasankha chinenero cha mawu a nkhalambayo asanagwire cholembera.