Ngoma ya Angoni: gule amene anapulumuka mfuti za 1898

Sabata yomaliza ya February ikafika, anthu a ku Avondale ndi Chelstone mu Lusaka sachita kuuzidwa kuti Nc'wala yayandikira. Msewu wa Great East, umene umadutsa pakhomo pawo, umadzaza mabasi olowera kummawa, ena okwera atanyamula zishango, zibonga ndi zikopa za nyama. Ulendo ndi wa ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, kumene Nkhosi yamakhosi Mpezeni amalawa zakumunda zoyamba ndi kumwa magazi a ng'ombe yakuda yolasidwa ndi mkondo.

Chimene chimakoka anthu ambiri ndi gule wa ngoma. Amuna amaima m'mizere ngati impi, magulu a nkhondo, nthenga kumutu, naponda pansi pamodzi mpaka nthaka kunjenjemera, amayi akuomba m'manja ndi kululutira. Achinyamata a mu Lusaka amajambula pafoni nkumati ndi chisangalalo. Koma mizere imeneyi inali ya asilikali, ndipo inakumanapo ndi zipolopolo.

Angoni anaoloka Zambezi mu November 1835 ndi Zwangendaba, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Patapita zaka 60, Mjeremani wina, Carl Wiese, anali atapeza chilolezo kwa Mpezeni wa nthawi imeneyo chimene kampani ya North Charterland inayamba kudzitengera nacho dziko, poganiza kuti muli golide. Mpezeni anali atakalamba ndipo ankazengereza. Mwana wake Nsingo sanafune zonyengererana.

Mu January 1898 asilikali a Britain anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi mfuti za Maxim. Chishango cha chikopa cha ng'ombe chimatchinga mkondo, sichitchinga chipolopolo. M'masabata ochepa midzi inapsa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo anaomberedwa mu February chaka chomwecho. Mpezeni anamutsekera ku Fort Manning, kumene lero ndi Mchinji, namwalira mu 1900. Gomani wa Angoni a Maseko anali ataphedwa kale mu 1896.

Sikuno kokha. Mu 1900 Yaa Asantewaa anatsogolera Aashanti a ku Ghana kumenyana ndi Angerezi omwewo, bwanamkubwa Frederick Hodgson atalamula kuti amupatse Mpando wa Golide. Mayiyo anafera ku Seychelles mu 1921, koma ng'oma za fontomfrom zikulirabe ku Kumasi.

Atsamunda anathetsa Nc'wala, podziwa kuti amuna akasonkhana ndi zishango sasonkhanira chimanga chokha. Mwambowo unagona zaka zoposa 80 mpaka unadzutsidwa mu 1980. Ngoma yokha sinafe: inabisala m'maliro ndi pamowa, madoda akuphunzitsa anyamata kuponda, ngakhale Chingoni chenicheni chinkazilala pakamwa pawo.

Chomvetsa chisoni nchakuti ana ambiri obadwira mu Lusaka amadziwa kuvala chikopa koma dzina la Nsingo sanalimvepo. Makolo opita ku Mtenguleni, patukirani ku Feni, kumene kuli Nsingo Community Museum, anawo akaone okha.