Kodi Mumadziwa? Kompyuta Yosankha Mbewu ndi Madzi a Kafue

Kodi mumadziwa kuti madzi ambiri odutsa pansi pa mlatho wa Kafue amakhala atatsegulidwa ku damu la Itezhi-Tezhi, lomalizidwa mu 1977? Amayenda milungu ingapo m'madambo a Kafue Flats asanafike ku Kafue Gorge kukapukusa magetsi.

Kodi mumadziwa kuti owadikira ndi ambiri? Kampani ya magetsi ya ZESCO, minda ya nzimbe ya Nakambala ku Mazabuka, mipopi ya mu Lusaka, asodzi, oweta ng'ombe. Kutsegula madzi ochuluka lero ndiye kuti mu Okutobala tikhala mumdima. Kuwatsekereza, nsomba zisowa poswanirana.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta imatha kufufuza yankho la mutu wovutawu ngati mlimi wosankha mbewu? Imapanga ma neural network mazanamazana, timapulogalamu totengera kalumikizidwe ka ubongo. Kalikonse kamauzidwa mwezi ndi kuchuluka kwa madzi m'damu, n'kunena madzi oti atuluke. Tonse timayesedwa ndi kaundula wa mtsinje wa zaka zambiri. Tolephera timatayidwa. Tochita bwino timasakanizidwa, manambala ake ena n'kusinthidwa pang'ono mwachisawawa, kenako mayeso ayambenso. Mibadwo ikapita yambiri, pamatsala malamulo amene munthu sakanawapeza ndi pensulo.

Nzeruyi si yatsopano: John Holland wa ku University of Michigan anaifotokoza m'buku mu 1975. Mu 2002, Kenneth Stanley ndi Risto Miikkulainen anatulutsa NEAT, njira yomwe imasintha ngakhale kamangidwe ka neural network.

Kodi mumadziwa kuti njira yotereyi inayesedwa pa mitsinje yathu? Ntchito ya DAFNE, yoyamba mu 2016 ndi ndalama za European Union, inagwirizanitsa akatswiri a ETH Zurich, Politecnico di Milano ndi University of Zambia pounika madamu a chigwa cha Zambezi, kuphatikizapo Itezhi-Tezhi, Kariba ndi Cahora Bassa.

Chondigwira mtima n'chakuti kompyutayo situlutsa yankho limodzi. Imayala ambiri: ili lokomera magetsi, ili ulimi, ili madambo. Chimene sichinaikidwe pa mayeso sichiwerengedwa n'komwe, choncho msodzi wa ku Kafue ayenera kufunsidwa pulogalamu isanalembedwe.

Kodi mumadziwa kuti madambo a Kafue Flats ali kale ndi gawo lawo la madzi? Damu la Itezhi-Tezhi linakonzedwa kuti mu Malichi lizitulutsa madzi okwana ma cubic metre 300 pa sekondi, kuti Kafue Flats isefukire.