Muli Chiyani M'thumba Lanu?

Basi yochokera ku Joni ikaima pa Jenda, ena amatsika ndi katundu wosefukira, ena ndi chikwama chimodzi. Ife tikamayenda m'makomo ku Embangweni ndi ku Edingeni kuyeza anthu kuthamanga kwa magazi, timakumana ndi abambo a chikwama chimodziwo. Tikafunsa amati, "Ndabwera kudzapuma." Pakapita miyezi, mayi ndiwo amatinong'oneza: "Ntchito inawathera. Akuti anawapatsa 'sack'."

Mawu akuti "sack" amatanthauza thumba, ndipo Angelezi akhala akunena choncho kwa zaka pafupifupi 200. Odziwa mbiri ya mawu amati kale mmisiri ankapita kuntchito ndi zida zake m'thumba. Bwana akafuna kumuchotsa, ankangomubwezera thumbalo. Mawu ena ndi aukali. "Fired" anatchuka ku America m'zaka za m'ma 1800, ngati munthu ndi chipolopolo chotuluka mumfuti. "The boot" ndi kumenyedwa theche ndi jombo. Ifenso timati amuonetsa msana wa njira.

Kuno ku Mzimba zimenezi si zachilendo. Mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, boma linaletsa kulemba anthu opita kumigodi, ndipo ambiri anabwerera kumudzi. Mu 1988 za TEBA nazo zinaima. Makolo athu amenewo anabwera gulu, choncho panalibe chobisa. Lero munthu amabwera yekha, manyazi n'kumutsekera m'nyumba.

Manyaziwo ndi amene amatidetsa nkhawa. Bambo sagona tulo, chakudya sichilowa, ena amayamba kachasu, ena amasiya mankhwala a BP. Mayi amapitiriza kukongola fetereza poyembekeza ndalama zimene sizibwera.

Mutu umodzi susenza denga. Uzani akunyumba kwanu tsiku lomwelo, muwerengere limodzi ndalama zotsala. Ngati ntchito inali ya kuno kwathu, lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo ofesi ya zantchito pa boma la Mzimba ingakuthandizeni. Tulo tikasowa kwa milungu iwiri, kapena maganizo ofuna kudzipha akabwera, pitani kuchipatala msanga.

Bambo wina atatiuza zoona, tinamufunsa chimene ankagwira ku Joni. Anati ankaika matailosi. Tinamukumbutsa za mmisiri uja: bwana anatsala ndi ntchito, koma zida zinapita ndi mwini wake. Lero akuika matailosi m'nyumba zatsopano za pa boma, ndipo akuphunzitsa anyamata awiri.