Chipikisheni cha pa Bwalo la Ndege: Chiyambi Chake ndi Ulemu Wofunika

Munthu wa ku Salisbury Lines mumzinda wa Mzuzu akafuna kupita ku Johannesburg kapena ku Nairobi pa ndege, ulendo wake umayambira pansi. Bwalo la ndege la Mzuzu, ngakhale lili m'kati mwa mzinda momwemo, ndi laling'ono, ndipo ndege zopita kunja zimanyamukira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kapena ku Chileka. Chotero wapaulendo amakwera basi, nadzera ku Jenda, ku Kasungu ndi ku Mponela, nafika ku Lumbadzi atalema ndi mtunda woposa makilomita 300. Pamenepo ndipo amakomana ndi chipata chimene ambiri akabwerako sasiya kuchikamba, ndicho chipata cha chipikisheni.

Madandaulo a apaulendo amafanana. Bambo wolemekezeka pa mpingo amauzidwa kumasula lamba ndi kuvula jekete pamaso pa ana. Mayi amene ananyamulira mwana wake botolo la uchi kapena la chiponde amauzidwa kulisiya pa tebulo. Wina amapapasidwa m'thupi chifukwa makina alira, iye osadziwa kuti chalira ndi kiyi ya m'thumba. Gogo wodziwa Chitumbuka chokha amalankhulidwa mwachangu m'Chingerezi, nangoima kakasi pamene anthu a pambuyo pake akung'ung'udza. Kwa munthu woleredwa pa mwambo wakuti thupi ndi chikwama cha wamkulu sizikhudzidwa wamba, zimenezi zimaoneka ngati chipongwe. Nkoyenera tsono kufotokoza kumene malamulo amenewa anachokera, pakuti lililonse lili ndi mbiri yake.

Ndege ya ku Salisbury

Dzina la Salisbury Lines limakumbutsa mzinda wa Salisbury, umene kuyambira mu 1982 umatchedwa Harare, kumene anthu ambiri a ku Mpoto ankapita kukafuna ntchito. Mzinda womwewo uli m'nkhani ya tsiku limene kulanda ndege kunafika pa nthaka ya dziko lino. M'mwezi wa May mu 1972, amuna awiri a ku Lebanon analanda ndege ya South African Airways imene inanyamuka ku Salisbury kupita ku Johannesburg. Iwo anali ndi zida zophulika, ndipo cholinga chao chinali kukakamiza eni migodi ya dayamondi kuti awapatse ndalama. Ndegeyo inadzatera pa Chileka. Anthu amene anali m'katimo anatha kutuluka, asilikali a Malawi anaiwombera, ndipo amuna awiriwo anadzipereka.

Masiku amenewo munthu ankakwera ndege monga akwerera basi, popanda womuunika. Koma kulanda ndege kutachuluka, maiko anapangana ku The Hague mu 1970 ndi ku Montreal mu 1971 kuti wochita zotere azilangidwa kulikonse kumene wagwidwa. Mu January 1973 dziko la America linalamula kuti wapaulendo aliyense ndi chikwama chake cha m'manja aziunikidwa. Mu 1974 bungwe la ICAO, limene limayang'anira maulendo a ndege pa dziko lonse, linakhazikitsa malamulo a chitetezo amene maiko onse a m'bungwelo, kuphatikizapo Malawi, ayenera kutsata.

Lamulo lililonse lili ndi maliro ake

Malamulo ena anabwera pambuyo pa zoopsa zina. Mu December 1988 bomba lobisidwa m'sutikesi linaphulitsa ndege pamwamba pa mudzi wa Lockerbie ku Scotland, nipha anthu 270. Chifukwa chake katundu wopita kunsi kwa ndege naye amaunikidwa, ndipo sayenera kuuluka mwini wake atatsala. Pa 11 September 2001 zigawenga zinalanda ndege zinayi ku America ndi timipeni tating'ono; chifukwa chake mpeni, lumo ndi sizasi siziloledwa m'chikwama cha m'manja. Mu December chaka chomwecho Richard Reid anayesa kuyatsa bomba limene anabisa m'nsapato; chifukwa chake mabwalo ena amavulitsa nsapato. Mu August 2006 apolisi a ku Britain anagwira anthu amene anakonza zophulitsa ndege ndi mankhwala obisidwa m'mabotolo a zakumwa. Chifukwa chake pa mabwalo ambiri botolo loposa mamililita 100 silidutsa pa chipata.

Makina a pa mabwalo ambiri sadziwa kusiyanitsa uchi wa ku Mzimba ndi mankhwala oopsa pongoona botolo, ndiponso wantchito wa pa chipata alibe mphamvu yosintha lamulo chifukwa cha nkhope ya munthu. Akalola mmodzi, walola onse. Ndiponso dziko limene chipikisheni chake ndi chofooka limataya chikhulupiriro cha maiko ena, ndipo makampani a ndege akhoza kuleka kuterako. Pamenepo wovutika ndi wamalonda, wophunzira ndi wodwala wofuna chithandizo kunja.

Chipikisheni cha zovala

Komabe anthu a dziko lino ali ndi chifukwa chao choyang'anira chipata cha ndege ndi diso lokayika. Mu 1973 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kavalidwe, limene linaletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yosaphimba mawondo, ndipo amuna nao analetsedwa kusunga tsitsi lalitali. Alendo ofika pa bwalo la ndege ankayang'aniridwa kavalidwe. Mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa asanalowe m'dziko, ndipo mkazi ankauzidwa kusintha zovala kapena kumanga chitenje. Mabuku ndi magazini nazo zinkaunikidwa, ndipo zoletsedwa zinkalandidwa. Lamulo la kavalidwe linathetsedwa mu 1993.

Chipikisheni cha masiku amenewo chinali kufunsa ngati munthu akuoneka moyenera. Cha lero chimafunsa chinthu chimodzi chokha: kodi munthuyu wanyamula choopsa? Kusiyana kumeneku nkofunika kuti antchito a pa chipata ndi apaulendo omwe akumvetse. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 amanena pa gawo 19 kuti ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo pa gawo 21 amateteza munthu ku chipikisheni cha chisawawa. Ufulu umenewu ukhoza kuchepetsedwa chifukwa cha chitetezo cha anthu onse, koma suthera pa khomo la bwalo la ndege.

Mbali ya wantchito

Wantchito wa pa chipata amaima maola ambiri, akuyang'ana zikwama zosawerengeka, ndipo akaphonya chimodzi mlandu wake ndi wa miyoyo. Ntchito yake njolemetsa, ndipo ayenera kulemekezedwa. Koma iyenso akumbukire kuti kwa alendo ambiri nkhope yake ndiyo yotsiriza imene amaiona m'dziko lino, ndipo kwa mayi wa ku Salisbury Lines iye ndiye Boma. Mau akuti “Pepani mayi, tione nao m'chikwamamo,” kapena “Zikomo bambo, lambayo ikani apa,” sachedwetsa mzere. Mau amodzi okha a Chitumbuka, monga “yewo,” amatha kukhazika pansi mtima wa gogo amene wasokonezeka.

Mkazi ayenera kupapasidwa ndi mkazi mnzake, ndipo amene afunsidwa kumasula duku kapena chovala cha chipembedzo akhoza kupempha kuti zichitikire poduka mphepo. Chinthu chikalandidwa, mwini wake auzidwe chifukwa chake. Wantchito wopempha “ya fanta” kuti alole katundu kudutsa amaphwanya lamulo lolimbana ndi ziphuphu la mu 1995, ndipo woperekayo ali pa mlandu womwewo. Wapaulendo amene wachitidwa chipongwe asakangane pa mzere. Afunse mkulu woyang'anira, alembe tsiku ndi nthawi, ndipo ngati sanathandizidwe akhoza kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman kapena ku bungwe la Anti-Corruption Bureau.

Mbali ya wapaulendo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mavuto ambiri a pa chipata amatha munthu akakonzekera ali kunyumba. Uchi, chiponde, tsabola wa m'botolo ndi mafuta odzola ziikidwe m'sutikesi yaikulu yopita kunsi kwa ndege, pamodzi ndi sizasi ndi mipeni. Mabatire osungira moto wa foni akhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa akayaka kunsi kwa ndege palibe wozimitsa. Mankhwala a kuchipatala akhale m'mapaketi ake, ndi kalata ya dokotala. Ndalama zachitsulo, makiyi, wotchi ndi foni zichotsedwe m'thumba munthu asanadutse pa makina. Nthabwala za bomba sizisekedwa pa bwalo la ndege lililonse. Wonyamula usipa wa ku Nkhata Bay kapena nyemba afunsiretu, pakuti maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, ali ndi malamulo okhwima pa zakudya ndi mbewu zolowa. Minyanga ya njovu, ngakhale yosemedwa kukhala kachibangili, imapititsa munthu kundende.

Choopsa choposa zonse ndi phukusi la mnansi. Ndi mwambo wabwino kuti wopita ku Joni anyamulireko anzake kanthu ka ana ao, ndipo m'dera lothithikana ngati Salisbury Lines mbiri ya ulendo siichedwa kumveka. Koma pa chipata funso limakhala lakuti, “Kodi mwalongedza nokha katunduyu?” Chilichonse chopezeka m'chikwama chimawerengedwa kuti ndi cha mwini chikwamayo, ndipo mau akuti “anangondipatsira” sapulumutsa munthu pamene m'phukusi mwapezeka chamba kapena mankhwala ozunguza bongo. Phukusi limene mwini wake akukana kuti limasulidwe pamaso pa wonyamula, litsale. Mnansi weniweni sakwiya ndi zimenezo.

Ntchito ya aphunzitsi ndi antchito a Boma

Munthu akalandira tikiti yake yoyamba, kawirikawiri amapita nayo kwa mphunzitsi kapena kwa kalaliki wa Boma amene amakhala naye pafupi kuti amuwerengere. Pamenepo ndi pamene chipikisheni chiyenera kufotokozedwa, ulendo usanayambe. Mphunzitsi amene wauza mnansi wake kuti adzafunsidwa kumasula lamba, namuuzanso chifukwa chake, wamuchotsera manyazi. Amene wamuthandiza kusankha za m'manja ndi za m'sutikesi wapulumutsa mphatso ya mwana wa ku Joni. Amene wamulangiza kufika pa bwalo kudakali maola atatu wapulumutsa tikiti imene banja lonse linasonkhera.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Chipata cha chipikisheni chidzakhalapo malinga ndege zikuuluka, ndipo pa icho amadutsa mphunzitsi wamkulu ndi mwana wa sukulu mofanana. Wantchito akachita ntchito yake mwaulemu, wapaulendo nafika atakonzeka, onse awiri amasiyana ndi mau a “zikomo,” ndipo ndege imanyamuka pa nthawi yake.