Kuchepetsa Kutentha ndi Phokoso m'Galimoto Yakale

Kutentha kumalowa m'galimoto kudzera padenga pomwe dzuwa limawomba, pansi pomwe pamadutsa paipi ya ekizozi, ndi pachitsulo cholekanitsa injini ndi okwera. Mu Toyota Hiace, minibasi yofala pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye mu Okutobala dalaivala amakhala ngati wakhalira mbaula. Phokoso limachokera m'malata opyapyala a bodi, omwe amalira ngati ng'oma galimoto ikamagunda mabampu a misewu yafumbi, monga zimachitikira mapikapu ndi malole otuta mabelo a fodya kupita ku okushoni ya Chinkhoma.

Ntchito imayamba ndi kutseka mabowo, osati kugula zipangizo. Mphira za m'zitseko zikauma, ndiponso timphira tozinga mawaya ochokera ku injini tikagwa, mpweya wotentha, fumbi ndi phokoso zimangolowa. Chubu chakale cha tayala, chodula bwino ndi kumata ndi guluu, chimatseka ambiri mwa mabowo amenewa. Ekizozi yobooka iyenera kupita kaye kwa owotcherera, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha.

Kenaka pamafunika kuletsa malata kunjenjemera. Tepi yaphula yokhala ndi aluminiyamu pamwamba, yomwe mashopu a zomangira amagulitsa yomatira madenga odontha, imalemeretsa lata n'kulikhalitsa chete. Sipafunika kukuta paliponse. Zigamba zomatidwa pakati pa malo otambalala, zokwana kotala kapena theka la malowo, zimakwanira, ndipo kugogoda ndi chala kumasonyeza pomwe pakulirabe. Tepiyi ndi yoyenera pansi ndi m'zitseko basi. Kudenga imafewa ndi dzuwa, imanunkha, mwinanso kumatuka.

Dengalo limafuna njira ina. Penti yoyera pamwamba imabweza kuwala kwambiri kwa dzuwa. Mkati mumamatidwa siponji yolimba yosamwa madzi, kenaka pepala lonyezimira lomwe amisiri amayala kunsi kwa malata a nyumba. Pepalali limagwira ntchito pokhapokha mbali yake yonyezimira ikayang'ana kampata ka mpweya. Likapanikizidwa mbali zonse, ndalama yangopita. Osoka mipando ya galimoto ndiwo amadziwa kuchotsa ndi kubwezera nsalu yakudenga osaing'amba.

Ku Kasungu ziguduli za fodya sizisowa, ndipo n'zokopa kuziyala pansi pa kapeti. Phokoso zimachepetsadi, koma zimamwa madzi. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, chiguduli chonyowa chimakhala masabata osauma, dzimbiri n'kumadya chitsulo mwakachetechete mpaka kubooka. Siponji ya matiresi ili ndi vuto lomwelo, komanso zonsezi zimagwira moto msanga pafupi ndi ekizozi. Pansi pamayenera mphasa yamphira yochindikala yomwe ingachotsedwe n'kuyanikidwa. Isanayalidwe, dzimbiri lomwe lilipo limapalidwa n'kupakapo penti.

M'zitseko, timabowo tapansi totulutsira madzi tisamatsekedwe, ndipo chomata chilichonse chisakhudze zitsulo zokwezera galasi. Pamwamba pa ekizozi, kachitsulo kopyapyala kotchinga kutentha kamene galimoto imabwera nako nthawi zambiri kamakhala katathothoka. Chidutswa cha aluminiyamu chomangidwa ndi mabawuti, chosiya mpata wa chala chimodzi mbali zonse ziwiri, chimalowa m'malo mwake.